Madzi a m'zitsime za ku Rukwa atetezedwe

A Mkonzi,

Kuyambira mu 2016, pamene akatswiri a ku mayunivesite a Oxford ndi Durham a ku England adalengeza kuti pansi pa chigwa cha Rukwa ku Tanzania pali mpweya wochuluka wa helium, nkhani yakhala ya chuma chokhachokha. Kampani ya Helium One idayamba kubowola mu 2021, ndipo mu 2024 idatulutsa mpweyawu pa Itumbula, malo a m'chigwamo. Sindikunyoza, chifukwa makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi m'zipatala, amadalira mpweya umenewu.

Nkhawa yanga ili pa madzi. Helium alibe poizoni, koma pomufuna amabowola kupyola madzi abwino amene anthu amamwa mpaka kukafika pa madzi amchere a pansi kwambiri. Simenti yomatira mapaipi ikang'aluka, madzi amcherewo amatha kukwera n'kusakanikirana ndi a m'mijigo, ndipo matope obowolera akatayidwa m'dzenje losayala kanthu amalowerera m'nthaka mvula ikagwa. Mayi wotunga m'mawa adzangomva kuti madzi akuwawa, sopo sakuchitanso thovu, osadziwa kokadandaula. Komanso nyanja ya Rukwa ilibe mtsinje wotulukira, choncho chonyansa chilichonse cholowamo chimakhazikika momwemo.

Ndikupempha akuluakulu oona zachilengedwe ku Tanzania kuti madzi a m'zitsime zoyandikira aziyezedwa ntchito isanayambe, ili mkati ndiponso itatha, ndipo zotsatira zake ziziwerengedwa pamaso pa anthu a m'midzi m'Chiswahili. Ifenso kuno ku Malawi tili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley momwe mulinso Rukwa, ndi akasupe otentha ngati a ku Chiweta, kotero aphungu athu aunikiretu malamulo a migodi ofufuza asanagogode pakhomo.

Wowerenga wanu,
Karonga