Khola la ng'ombe latiyandikira, koma malo adapereka ndi malume anga

Zikomo alangizi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala m'mudzi wina kuno ku chigwa cha Shire. Chaka chatha bambo wina wochokera m'tauni adamanga khola lalikulu lonenepetsera ng'ombe kuseri kwa nyumba zathu. Ng'ombezi sizipita kubusa. Zimadyera momwemo madeya ndi zotsalira za nzimbe, zikanona n'kuzikweza lole kupita nazo kokapha.

Ife kuno ng'ombe tidakula nazo, fungo la ndowe silachilendo. Koma ng'ombe mazanamazana pamalo amodzi, ndi dzuwa lakuno la mu Okutobala, ndi nkhani ina. Nsima ukangopakula, ntchentche zafika kale. Usiku timagona titatseka mawindo, thukuta lili kamukamu.

Chondiwawa kwambiri ndi madzi. Mvula ikagwa, zonse za m'kholamo zimatsetserekera kudambo komwe kuli chitsime chathu, ndipo mjigo uli kutali. Ndikudziwa kuti kolera sachokera ku ng'ombe, koma amene adasamalira mwana kuchipatala pa mliri wa 2022 mpaka 2023 uja, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sangatunge madzi obiriwira mtima uli m'malo. Ine ndidasamalira wanga wachiwiri.

Amayi tidapita kukadandaula. Mwini khola adatitulutsira kalata yokhala ndi chidindo cha a nyakwawa, nati chilolezo chake ndi chomwecho. A nyakwawawo ndi malume anga, amene adandilera mayi atamwalira. Komanso mwana wanga woyamba amagwira ntchito yokolopa m'kholamo, ndipo ndalama zake ndi zomwe zikulipira mng'ono wake fizi ya sekondale. Nditayamba kuyankhula, malume adangoti, "Mwanawe, ukufuna kundivula pagulu?" Kuyambira tsikulo moni wanga sayankha bwino.

Aphunzitsi ena adandiuza kuti kuchokera pomwe padabwera lamulo la malo a makolo la 2016, nkhani za malo zimayenera kudzera kukomiti yoona za malo, osati mfumu payokha. Adatinso pali lamulo la zachilengedwe la 2017 ndi bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA, lomwe limaunika ntchito zikuluzikulu zisanayambe, ndipo anthu oyandikira amafunsidwa maganizo. Ife palibe adatifunsa.

Ndiye ndithandizeni. Kodi chidindo cha mfumu pachokha n'chokwanira kumangira khola lotere pafupi ndi nyumba za anthu? Ndiyambire kuti, kwa a zaumoyo, kwa a gulupu, kapena kukhonsolo? Kodi n'zotheka kudandaula dzina langa osatuluka? Sindikufuna khola litsekedwe, mwana wanga angasowe pogwira. Ndikufuna ndowe zizichotsedwa, akumbe dzenje lotchinga madzi oipawo, kapena atikumbire mjigo kumtunda. Mvula yayandikira, ndipo malume sindikudziwa ndiwalowera bwanji.

Mayi wothedwa nzeru,
Chigwa cha Shire