Osamangokalipira ana, magemu ena ali ndi nzeru

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Joni kuno, komwe ndimamva makolo anzanga achimalawi akukalipira ana kuti magemu apakompyuta ndi kutaya nthawi basi. Ena ndi otero inde, koma Age of Empires II, yomwe inatuluka mu 1999, ine ndikukana ndithu.

Gemu imeneyi imamukakamiza mwana kuyang'ana kaye malo asanamange mudzi. Ukayika msasa wa nkhuni kutali ndi nkhalango anthu ako amangothera nthawi panjira, mnzako uko akutulutsa kale asilikali, golide ndi miyala nazonso chimodzimodzi zimafuna msasa pompo. Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chitunda. Msilikali amene ali pamtunda amamenya ndi mphamvu yowonjezera 25 peresenti, wakumunsi yake imachepa, nde mwana amafufuza kaye kachitunda asanathire miyala 650 pa nyumba yachitetezo ija amati castle, chifukwa akaimanga pachigwa miyala ija yangopita. Abale, ndi masamu amenewotu.

Nkhani yosankha maloyi si ya mu gemu mokha ayi. Ngakhale Johannesburg yemweyu anayamba mu 1886 chifukwa cha golide, pamalo opanda mtsinje waukulu, mpaka lero madzi amachita kupopedwa kuchokera ku Vaal Dam, ena akuchokera ku Lesotho. Kumudzi nako sitinaiwale zomwe namondwe Freddy anachita mu 2023 kwa abale athu a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mtima umandipweteka mpaka pano.

Chonde akonzi, tipatseniko kadanga m'nyuzipepa yanuyi kolembamo za magemu otere, aphunzitsi a jogalafe aziwerenganso.

Wowerenga wanu,
Johannesburg