Majisitireti akagamula si kuti nkhani yathera pomwepo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za makhoti chifukwa kuno kwathu ku Mulanje anthu ambiri tikungoluza milandu ndi umbuli basi. Mwezi watha tinali pa maliro ku Chitakale, azibambo akukamba za mnyamata wina amene anamugamula kwa majisitireti, mkulu wina nkuti basi zatha khoti lanena, wina aliyense kungogwedeza mutu. Ine zinandiwawa kwambiri. Apilo, kukadandaula za chigamulo ku khoti lapamwamba, ilipo abale! Majisitireti ali pansi, pamwamba pake pali High Court, yathu kuno ndi ya ku Blantyre pa Chichiri paja, zina zili ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndiye ukapanda kukhutira kumeneko mpamene umakafika ku Suprimu Khoti, kumeneko ndiye kothera, kulibenso kwina.

Anthu amasokonezanso ndi ConCourt, amayesa ndi khoti lapadera lokhala ndi nyumba yake. Ayi, ndi majaji omwewo a High Court amene amakhala atatu kapena kuposa nkhani ikakhudza malamulo aakulu a dziko. Pa 3 February 2020 anakhala asanu nkufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, a Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC anakachita apilo ku Suprimu koma pa 8 May Suprimu inagwirizana ndi anzawowo, tinakavotanso pa 23 June. Tsiku lachigamulo choyamba lija tinakhalira pa wailesi mpaka usiku, mabatire kutha.

Koma ine imene imandisangalatsa ndi ya vakabu. Munthu wogulitsa majumbo chabe anagwidwa mbandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa malonda ake, sanagonje, ndipo mu 2017 khoti linati gawo la lamulo la vakabu limene anamugwirira lija likuphwanya ufulu wa anthu. Wa majumbo, osati bwana wa galimoto ayi.

Vuto ndi loti kuchoka ku Muloza kapena ku Limbuli kufika pa Chichiri thiransipoti yokha munthu wothyola tiyi akongole kaye, loya ndiye osanena, ukafikanso zonse zili mchizungu iwe kungodalira womasulira. Legal Aid Bureau ilipo yothandiza osauka koma kumudzi kuno angaidziwe ndani?

Ndiye pempho langa a Mkonzi, tipatseniko kakona mnyuzi yanuyi, mwa Chichewa, muzitiuza apilo imayambira pati, imafuna mapepala anji komanso munthu amakhala ndi masiku angati asanachedwe nayo. Ine ndizikawerengera anthu pa tchalitchi tikaweruka.

Wowerenga wanu,
Chitakale, Mulanje