Ulendo wokaona chionetsero ku Lizulu

Mamembala a gulu la aluso ku Dedza,

Loweruka likubwerali tikupita ku Lizulu kukaona ntchito ya mnzathu. Wamanga chisakasa m'holo n'kuikamo katundu amene agogo ake anasenza pothawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Angonia, m'dziko la Mozambique: mphika wong'aluka, chitenje chofwifwa, khadi lolandirira ufa. Mkatimo mukumveka mawu a agogowo akutchula abale amene sanaonekenso ngakhale nkhondo itatha mu 1992. Ine ndinatulukamo misozi ili chuchuchu.

Tinyamuka pa depoti 7 koloko m'mawa. Aliyense abweretse K5,000 ya minibasi, kamba, juzi poti ku Lizulu kumazizira, komanso chinthu chimodzi chakale cha kwanu choti mukatifotokozere mbiri yake.

Amene mupite, yankhani pofika Lachinayi.