Kalata yochokera ku Valenciennes: za mpira wa mnyamata wathu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito yanga yonyamula katundu ikuyenda. Uthenga wanu ndinaulandira, wonena kuti mnyamata wathu wayamba kujomba kusukulu chifukwa cha mpira, ndipo akuti ine malume ake ndimupezere timu kuno ku France. Nkhaniyi si yoyankha mothamanga pa foni, n'chifukwa chake ndalemba kalata kuti mumuwerengere atakhala pansi, alamu ali pomwepo.

Mpira wa ku France umene iye amaonera pa kanema kumsika ndi wa Ligue 1, ligi yaikulu ya matimu 18. Pansi pake pali Ligue 2, kenako National, ndipo maligi amatsikabe mpaka kukafika ku matimu a m'matauni ang'onoang'ono, kumene kuli osewera ochuluka zedi amene dziko siliwadziwa. Ambiri mwa iwo amasaina mgwirizano wa chaka chimodzi kapena ziwiri basi, ndipo ukatha amalongedza katundu n'kusamuka ndi banja lonse kupita kulikonse kumene awaitana. Chaka chilichonse ligi ikatha, bungwe la osewera la UNFP limasonkhanitsa osewera amene atsala opanda timu kuti azichitira limodzi masewera olimbitsa thupi podikira woti awalembe ntchito.

Mumuuze za Steve Savidan, amene anthu a tauni ino amamukumbukirabe. Iye anabadwira ku Angers mu 1978, ndipo unyamata wake wonse unathera m'maligi a m'munsi, akuyendayenda ku Angers, Châteauroux, Ajaccio, Beauvais ndi Angoulême, osakhazikika paliponse. Panthawi ina ndalama za mpira sizinkamukwanira, moti ankagwira ntchito yotola zinyalala komanso yogulitsa zakumwa mu bala. Anafika ku Valenciennes mu 2004 ali ndi zaka 26, msinkhu umene makochi ambiri amaona kuti wosewera sangasinthenso. Koma zigoli zake zinathandiza timuyi kutenga ukatswiri wa National mu 2005 ndi wa Ligue 2 mu 2006, n'kulowa mu ligi yaikulu. Mu February 2007 anagoletsa yekha zigoli zinayi pa masewero a ku Nantes, pagolo pali Fabien Barthez, goloboyi amene anatenga chikho cha dziko lonse mu 1998. Azibambo amene ndimagwira nawo ntchito akayamba kukamba za tsiku limenelo, tiyi amazizira m'makapu.

Mu November 2008, atasamukira ku Caen, anaitanidwa ku timu ya dziko la France ali ndi zaka 30, ndipo analowa m'chigawo chachiwiri pa masewero amene analepherana ndi Uruguay popanda chigoli. Aka kanali koyamba ndi komaliza. Mu 2009 timu ya Monaco inafuna kumugula, koma madokotala pomuyeza anapeza kuti ali ndi vuto la mtima, ndipo mpira unathera pomwepo ali ndi zaka 31. Munthu anavutika zaka zonsezo kuti akwere, koma pamwambapo anakhalapo zaka zitatu zokha. Ndipotu ameneyu timamuwerengera m'gulu la amwayi, chifukwa anzake ambiri amene anayamba nawo sanaione n'komwe Ligue 1. Nayo timu ya Valenciennes inatsikanso kubwerera ku National mu 2024.

Kuntchito kwathu kuli mnyamata wina amene anakulira ku sukulu ya mpira ya timu ina yaikulu, koma atafika pa msinkhu wosaina mgwirizano anamuuza kuti malo palibe. Lero timanyamula limodzi makatoni, madzulo amathamangira ku masewera olimbitsa thupi a timu yake yaing'ono, ndipo Lolemba amabwera akutsimphina, atakulunga bandeji pa kakolo mkati mwa jombo ya ntchito. Ndinakamuonerera tsiku lina, ndipo kunena zoona sindinaonepo munthu wa luso lotero pa bwalo lathu la kusukulu. Iyeyo ndi mbadwa ya kuno, ali ndi mapepala onse ndipo chilankhulo ndi chake. Nanga mwana wochokera kwathu wopanda zonsezi angayambire pati?

Sindikunena kuti asiye mpira, ayi. Ngati luso alinalo, azisewera timu ya m'dera lathu, ndipo oona adzamuona. Koma ine sindidziwana ndi mkulu wa timu aliyense, ndipo munthu wina akadzabwera kwa inu n'kunena kuti mupereke ndalama kapena mugulitse munda kuti amutengere mwanayo ku Ulaya kokayesedwa, musapereke ngakhale tambala musanandiuze.

Ndalama ya fizi ya teremu ino ndaitumiza, ndipo muilandira sabata ino. Jombo za mpira zimene anapempha ndidzamugulira ndikaona lipoti lake la kusukulu komanso mukanditsimikizira kuti wasiya kujomba. Mayeso a Fomu 4 alembe kaye, za mpirazo tidzakambirana ndikabwera. Mundilembere nambala ya phazi lake, ndipo mundiperekere moni kwa amayi ndi alamu.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Valenciennes