Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a figure skating (masewera oterereka pa aisi)

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Nazi zimene ndabwera nazo kuchokera kumene munandituma. Za kalembera ndi zovala za mpikisano sindichedwapo, mapepala ake ndapereka kale kwa alembi. Nkhani imene inatenga nthawi yaitali ndi ya momwe timaphunzitsira ana kuponda pa aisi.

Chitsulo cha pansi pa nsapato n'chopyapyala, mamilimita pafupifupi 4, koma kunsi kwake n'kokumbika, choncho chili ndi mbali ziwiri zakuthwa, yamkati ndi yakunja. Wotsogolera maphunziro anatigwaditsa pa aisi kuti tione mizere imene mwana wasiya. Mzere umodzi woonda ndiye kuti waponda mbali imodzi bwinobwino. Ikakhala iwiri yogundizana, waponda zonse ziwiri, nsapato itangoima chilili, ndipo woteroyo sangakhote mosavutikira. Kungomukalipira kuti "pendekera" sikuthandiza, amangopinda m'chiuno mutu n'kuweramira pansi. Lipendekere thupi lonse, kuyambira pa akakolo mpaka pa phewa.

Mphamvu nayo imachokera pomwepo. Bondo lipindike kaye, kenako mbali yamkati ikankhe aisi cham'mbali mpaka mwendo utawongoka. Mano a kutsogolo kwa chitsulo si okankhira, ndipo wokankha nawo mumamumva muli patali, kwe kwe kwe. Pa ma crossover (pokhota, pamene mwendo wakunja umapingasa pamwamba pa wamkati) ana athu amakankha ndi mwendo wakunja wokha, wapansiwo n'kumangoukoka, pamene nawonso uyenera kukankha ndi mbali yake yakunja. Kukankha kumodzi mwa kuwiri kumatayika pamenepo.

Akuluakulu ena anadandaula kuti kuyambira 1990, pamene bungwe la ISU, loyang'anira masewerawa padziko lonse, linachotsa m'mipikisano gawo lojambula mizere yozungulira pa aisi, aphunzitsi ambiri timathamangira kudumphitsa ana. Achinyamata anatsutsa, akuti mwana wa lero sangapirire kuzungulira malo amodzi ola lathunthu. Ine ndili mbali ya akuluakuluwo, ngakhale za ola lathunthuzo n'zoona. Taonani kadumphidwe kotchedwa Lutz: amanyamukira pa mbali yakunja akupita chambuyo, pamene kotchedwa flip ndi pa yamkati. Mwana amene mbali yakunja sanaizolowere amagwera pa yamkati asananyamuke, oweruza n'kumulembera "e", kusonyeza kuti wanyamukira pa mbali yolakwika, mapointi n'kutsika. Kukonza zimenezi atakula n'kovuta kwambiri.

Pempho langa ndi loti mphindi 15 zoyamba za phunziro lililonse zikhale za mbali ziwiri za chitsulozi, kutsogolo ndi chambuyo, miyendo yonse iwiri, makamaka umene mwana amaukayikira. Kudumpha kuzibwera pambuyo pake. Ndikupemphanso kuti tisankhe munthu mmodzi woyang'ana zitsulo za ana asanalowe, chifukwa chobuntha chimaterereka m'mbali ngakhale mwana ataponda bwino. Makolo ena adzafunsa chifukwa chake ana sakudumpha msanga, ndiye pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane chowayankha.