Za nyimbo za adzukulu anga, ndikuyankhe bwinobwino

Mwana wanga,

Ndadikira kuti mnyumba muno mukhale kaye zii kuti ndikuyankhe, chifukwa pa foni tsiku lija tinangothamangitsana, iwe uku ukuyankhula ndi ine uku ukukalipira kamnyamatako kuti katsike pampando. Unandifunsa kuti kodi nyimbo zabwino za ana zimapezeka kuti, zoti olo munthu wamkulu utha kumvera mutu osakupweteka, ndipo mawu akowo ndinawamva kuti kanyimbo ka Baby Shark kaja kakufika pakhosi. Ndinaseka, usandikwiyire. Suli wekha, kanyimbo kameneko mu January 2022 kanakhala koyamba pa YouTube kuonedwa maulendo opitirira 10 biliyoni, ndiye tangoganiza makolo angati padziko pano amene akugwira mutu ngati iweyo.

Mndandanda wa mayina a nyimbo sindikupatsa ayi, zanga ndi zakale ndipo zatsopanozi zimabwera ndi kupita ngati mafashoni. Ndikupatsa muyeso umene ndinkagwiritsa ntchito pa iwe ndi achimwene ako ngakhale nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndi muyeso. Ukaipeza nyimbo, imvere kawiri katatu, kenako uzimitse foniyo uyiyimbe wekha pakamwa. Ikayimbika, ndiye kuti ndi nyimbo, isunge. Ikakanika, ukapeza kuti ukachotsa zithunzi zothwanima zija ndi kugunda kwa makina kuja palibe chatsala, imeneyo ndi phokoso chabe lovekedwa zovala, itaye osamva chisoni.

Ndikunena izi chifukwa cha zimene ndinaona ndi maso angawa nditabwera kwanu. Madzulo aja unamupatsa foni wamkuluyo kuti umalize ntchito zako, ukuti amvere nyimbo, ine ndinakhala pambali pake ndikumuyang'ana. Mwanayo samamvera ayi, amaonera. Pakamwa yasa, maso tong'o, thupi lonse lili duu ngati chipilala, pomwe mwana akamamva nyimbo zenizeni mwendo sukhala chete, mutu umagwedera, amang'ung'udza. Ndinayesa kuitembenuza foniyo kuti iyang'ane pansi nyimbo ikulirabe, mpomwe anabuma kulira ngati ndamulanda moyo. Nyimbo inali pomwepo ikumveka bwinobwino koma iye analibe nayo ntchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linatulutsa malangizo akuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhale pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo nkwabwinonso. Ndikudziwa kuti uti amayi inu simukudziwa kutanganidwa kwanga, ndikudziwa ndithu, ndinalerapo. Sindikuti utaye foni. Ndikuti ilumikize ku kasipika kaja, foniyo uiike pamwamba posafika manja, nyimbo zizimveka mchipinda monse ana akusewera, basi.

China, uzimitse ka autoplay kaja. Iwe umasankha nyimbo imodzi yabwino nkutuluka, koma yachiwiri, yachitatu mpaka yakhumi akusankha ndi makina, ndipo makinawo ntchito yake nkuti mwana asachoke pamenepo, za khalidwe lake alibe nazo kanthu. Olo YouTube Kids imene inabwera mu 2015 ili bolako koma si mlezi, zina zimadutsabe. Dawunilodi nyimbo zimene wazimvera wekha kuyambira poyamba mpaka pothera, uziike pamodzi, azimvera zomwezo.

Mawu ake uziwamvetsera, pamenepa ndiye ndili ndi mlandu wanga. Uli ndi zaka zinayi ine ndinkakonda kusiya wailesi ikulira tsiku lonse ndikugwira ntchito, osaganiza kanthu. Tsiku lina kunabwera alendo olemekezeka, achikulire ndithu, ine nkunena kuti tawayimbira alendowa nyimbo, ndikuyembekezera kanyimbo kowerenga manambala kamene ndinakuphunzitsa. Iwe unaimirira pakati, manja m'chiuno, nkutulutsa nyimbo ya chikondi ya pa wailesi ija, mawu onse osaphonya olo limodzi, mpaka pomwe mkazi akumuuza mwamuna zoti abwere usiku. Bambo ako anangoyang'ana kudenga. Ine ndinafuna pansi patseguke. Sunalakwe iwe, tanthauzo sunkalidziwa, amene anasiya wailesi ndi ine. Mwana amameza mawu onse ndipo amadzawalavula pa nthawi imene sukufuna.

Tsono yabwino imaoneka bwanji? Choyamba mawu a oyimbayo akhale a munthu, oti ukamva ukudziwa kuti pali munthu akupuma, osati timawu tating'ono tofinyidwa ndi kompyuta tija tomwe timalasa m'khutu. Nditimene timakudwalitsa mutu iweyo. Isamakwere kwambiri ndi kutsika kwambiri, kukhosi kwa mwana wamng'ono kumafika manotsi ochepa chabe, asanu kapena asanu ndi imodzi oyandikana, ndiye nyimbo yokwera mpaka kumwamba iye amangokuwa. Ikhale yobwerezabwereza koma pena pake pazisintha kanthu, monga dzina la nyama kapena nambala, kuti mwana azidikira nkumalosera chikubwera. Ndipo zimene ine ndimazikonda kuposa zonse ndi zoyankhizana, wina akutsogolera wina akuvomera, chifukwa zimenezo sungayimbe wekha, zimafuna anthu awiri, ndiye iweyo umalowamo usanadziwe nkomwe. Zowomba m'manja, zoloza mphuno ndi makutu, zodumpha, zonsezo ikamo.

Komanso usamangidwe ndi chizindikiro choti "nyimbo za ana". Amene ananena kuti mwana amve zokhazo ndani? Nyimbo zambiri zimene iwe ndi amuna ako mumazikonda, bola mawu ake ndi oyera, mwana azikonda chifukwa akuona nkhope yako ikusangalala. Makwaya, magitala opanda mawu, ng'oma, nyimbo za ziyankhulo zina zoti nonse simukumva koma thupi likuvomera, muziyesa zonsezo. Mphunzitsi wina wa nyimbo wa ku Hungary, Zoltán Kodály, amene njira yake mpaka pano ikuphunzitsidwa m'masukulu a mayiko ambiri, ankalimbikira zoti mwana ayambe ndi kuyimba pakamwa asanagwire chida chilichonse, ndiponso ayambire nyimbo zakale za chiyankhulo chimene anayamwira. Ine ndimagwirizana naye. Za Chingerezi zophunzitsa zilembo nzabwino, sindikukana, koma asakule osadziwa olo imodzi ya m'chiyankhulo chimene iwe umalota nacho.

Paja unatinso mnzako wina anakuuza kuti uzimuikira khandalo nyimbo za Mozart, katswiri wakalekale wopeka nyimbo wa ku Ulaya, kuti adzakhale wanzeru. Aaa, imeneyo ndi nkhani yakale yomwe inakula kuposa mwini wake. Inayamba mu 1993, akatswiri ena a ku California atayesa ophunzira a pa yunivesite 36, osati makanda, anawamvetsera Mozart kwa mphindi 10 nkuwapatsa mayeso a kaonedwe ka zinthu, anakhozako pang'ono, koma patangopita mphindi 10 kapena 15 phindulo linatha. Nkhani itafika m'manyuzipepala inasanduka yoti Mozart amakulitsa ubongo wa mwana, mpaka mu 1998 bwanamkubwa wa dera la Georgia ku America anafuna kuti khanda lililonse lobadwa kumeneko lizipatsidwa CD. Ngati ukuzikonda nyimbo zimenezo ika, nzokoma ndithu makamaka madzulo, koma usazitenge ngati mankhwala.

Voliyumu. Amuna ako ndimawalemekeza koma m'galimoto muja amakweza mpaka magalasi kunjenjemera, uwauze mwaulemu kuti apongozi awo adandaula. Makutu a mwana akawonongeka ndi phokoso sabwereranso. A WHO omwewo amati kwa mwana mlingo wabwino usapitirire madesibelo 75 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata, wamkulu 80. Ukhoza kunena kuti ndiyeza ndi chani, chabwino, ngati ukufunika kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nawe akumve ndiye kuti yakwera. Mahedifoni kwa aang'onowa ine sindimawafuna nkomwe, ukamamva nyimbo ikutuluka uli panja pa makutu ake dziwa kuti mkatimo zavuta, komanso amamutsekera mwana kwayekha pomwe iwe ukufuna muzimvera limodzi.

Zobwerezazo ndiye uzingopirira, sizitha. Mwana akaikonda nyimbo amaifuna kakhumi motsatizana, ndi mmene amaphunzirira, akamadziwa chimene chikubwera mtima wake umakhala m'malo. Iwe unali ndi kaseti yako imodzi, nyimbo yachitatu mbali yoyamba, tinkabweza mpaka tepi inatafunidwa ndi wailesi, ndinakhala pansi ndi bolopeni ndikuikulunga pang'onopang'ono iwe ukulira pa phewa langa, nditamata ndi selotepi panali kamalo kodumpha mawu awiri, ndipo kwa zaka unkayimba nyimboyo modumpha mawu awiri omwewo ukuyesa ndi mmene ilili. Nchifukwa chake ndikuti posankha uzidzifunsa kuti kodi imeneyi ndikaimva ka 50 ndidzakhalabe munthu? Ngati yankho ndi ayi, isalowe nkomwe mnyumba, chifukwa ikalowa kutuluka kwake nkovuta. Wamkuluyo wafika poti mutha kumapangana, imodzi asankhe iye, yotsatira usankhe iwe, ina bambo ake, adzanyinyirika masiku oyamba kenako udzamupeza akung'ung'udza yako ija posamba.

Usiku pogoneka khandalo ndiye foni isayandikire. Yimba wekha. Usanene kuti mawu anga ndi oipa, ndikudziwa kuti unatengera bambo ako pa nkhani ya kuyimba, koma khanda silipereka malikisi. Linayamba kumva mawu ako lili m'mimba, miyezi itatu yomaliza ija, palibe oyimba wina padziko amene lingamukonde kuposa iwe. Mu 2019 akatswiri anafufuza zolembedwa za mitundu ya anthu 315 ya m'madera osiyanasiyana padziko ndipo anapeza nyimbo mwa yonse, zogonekera ana zikupezeka paliponse, ndiye palibe mayi amene anadikira kuti akhale katswiri. Ingotsitsa mawu, uchepetse liwiro, ubwereze kamzere komweko, ukaiwala mawu ikamo dzina lake, ine theka la nyimbo zimene ndinkakuyimbira ndinkangopeka pompo kuchokera pa chimene ndikuona, thawulo, sopo, kaphazi kako.

Ya posamba ija ukuikumbuka? Mawa m'mawa mawu akatseguka ndikujambulira pa voice note ndikutumizire, koma usawaikire anawo kuti azimvera agogo pa foni ayi, uiphunzire iweyo. Ukatero undijambulire wamkuluyo akuyimba, olo asokoneze mawu onse, ndikufuna ndimve ngati nayenso amadumpha mawu ngati mayi ake. Upereke moni kwa amuna ako, za voliyumu zija usaiwale.

Ndine mayi ako.